Anyamata a kompyuta ku Mzimba ndi chida chomwe sagula

Pa Boma la Mzimba, pa Jenda ndi ku Embangweni pali timashopu tomwe pakhomo pake amalembapo za fotokope, kutayipa, kusindikiza ndi intaneti. Ogwira ntchito m'menemo anthu amangowatchula kuti "a kompyuta". Ambiri luso limeneli analitola poonera anzawo, ena anachitako maphunziro a miyezi yochepa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, pomwe ena anabwera nalo kuchokera ku Joni, komwe anthu a ku Mzimba akhala akupita kukasaka ntchito kuyambira kalekale.

Makasitomala awo ndi osiyanasiyana. Kumabwera mphunzitsi wofuna kutayipitsa mayeso, mwana yemwe wakhoza MSCE ndipo akufunsira malo ku yunivesite, mayi wofuna kusindikiza chikalata chomwe mwana wake watumiza pa WhatsApp ali ku Johannesburg, ndi wamalonda wa nkhani za msonkho. Pakona pamakhala mmisiri wokonza makina: amachotsa mavairasi, amasintha zipangizo zakufa, amaikanso Windows. Ndalama imalowa potengera masamba omwe asindikiza kapena ntchito yomwe agwira, choncho magetsi a ESCOM akathima, wopanda jenereta kapena sola tsiku limenelo wagona ndi njala. Bandulo ya Airtel kapena TNM nayo amagula ndi ndalama ya m'thumba, ndipo tsamba likakana kutseguka bandulo imatha ntchito isanathe.

Pa zida zonse za m'shopumo, chimodzi chokha sagula: browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Komatu ndi yomwe imanyamula theka la ntchito. Makompyuta ambiri kuno anafika atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo ena akadali pa Windows 7. Browser ya Chrome inasiya makina oterewa kumayambiriro kwa 2023, pomwe ya Firefox inapitiriza kutumiza zigamba zachitetezo kwa ogwiritsa ntchito mtundu wake wa 115. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sasowa Firefox pa fulashi yake. Vuto lofanana nalo lafikanso pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Nawonso olemba ziwerengero za odwala ku ofesi ya zaumoyo amadalira browser, chifukwa DHIS2, yomwe Unduna wa Zaumoyo umasungiramo malipoti a zipatala, imatsegulidwa m'menemo.

Nanga amene amapanga chida chaulerechi amadya chiyani? Apa ndi pomwe ntchitoyi ili ndi mbali yachiwiri, ya anthu omwe a pa Jenda sadzawaona. Firefox inatuluka mu 2004 pansi pa bungwe la Mozilla ku America. Malamulo omwe amaiyendetsa ndi osabisa: aliyense wodziwa akhoza kuwawerenga, kuwakonza kapena kupangirapo browser yake. Alipo ambiri odzipereka omwe amathandiza kwaulere, kusaka zolakwika ndi kumasulira m'zinenero zawo, koma ntchito yolemera imagwiridwa ndi akatswiri olipidwa. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: madzi timatunga osalipira, koma komiti ikapanda ndalama yogulira zipangizo, tsiku lina mjigo umaima.

Ndalama ya Mozilla, yoposa magawo 80 pa 100 alionse, yakhala ikuchokera ku Google, yomwe imalipira kuti munthu akafufuza kanthu mu Firefox mayankho azichokera kwa iyo. Koma Google yomweyo ndiye mwini wa Chrome. Wopikisana naye ndiye akukudyetsa. Mu Ogasiti 2020 Mozilla inachotsa antchito pafupifupi 250. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda, ndipo kwa chaka chathunthu panali mantha oti malipiro otere aletsedwa. Mu Sepitembala 2025 khotilo linalola kuti apitirire. Ngakhale ndalama ilipo, zinthu zimatha kusokonekera: mu Meyi 2019 chikalata china chotsimikizira chitetezo chinatha nthawi osachikonzanso, ndipo timapulogalamu towonjezera pa Firefox tinasiya kugwira ntchito padziko lonse. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pali ena omwe asankha njira ina. Andreas Kling wa ku Sweden akutsogolera gulu lomwe likupanga browser yatsopano yotchedwa Ladybird, osatengera za Chrome kapena Firefox. Mu Julayi 2024 anakhazikitsa bungwe losafuna phindu pamodzi ndi Chris Wanstrath, mmodzi wa omwe anayambitsa kampani ya GitHub, yemwe banja lake linaperekapo madola 1 miliyoni. Lamulo lawo n'lakuti sachita mgwirizano wolipidwa ndi makampani ofufuzira zinthu pa intaneti monga wa Mozilla ndi Google, ndipo wopereka thandizo sagula nalo mpando wolamulira. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake: antchito ndi ochepa, ndipo kufikira pomwe browser imatsegula tsamba la banki kapena la boma osagwa pamatenga zaka. Wa shopu yemwe kasitomala wamuimirira kumsana sangadikire zimenezo. Iye amafuna fomu ituluke.

N'chifukwa chake amisiri anzeru amasunga ma browser awiri pa kompyuta iliyonse, ina ikakana amayesa inayo, ndipo amawapatsa mpata wolandira zigamba ngakhale bandulo ikuwawa. Inu a kompyuta a ku Mzimba, musafufute Firefox poti Chrome ilipo. Edge, Opera ndi Brave zonse zinamangidwa pa maziko a Chromium a Google, omwenso Chrome inamangidwapo, choncho Firefox ikadzagwa, makina anu akale adzatha ntchito tsiku lomwe kampani imodzi yafuna.