Ulendo wokaona nyama zakutchire: kukonzekera kwake

Pa chizindikiro cha dziko la Malawi paimirira mkango mbali iyi, kambuku mbali inayo, ndi nkhwazi pamwamba itatambasula mapiko ake; koma tikadasonkhanitsa anthu amene amachiona chizindikirocho tsiku ndi tsiku pa makobidi ndi pa makalata a boma, ndi kuwafunsa kuti ndi angati anaonapo mkango wamoyo ukuyenda m'tchire lakelake, manja okwera m'mwamba akadakhala owerengeka. Ambiri a ife nyama timazidziwira m'nthano za agogo, ndipo timayesa kuti kupita kugemu ndi mwambo wa alendo otsika m'ndege. Maganizo amenewa amandimvetsa chisoni, pakuti nkhalangozi ndi cholowa chathu, ndipo pa zipata zake nzika ya Malawi imalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Chimene chimasowa kawirikawiri ndicho kudziwa makonzedwe a ulendowo.

Funso loyamba likhale la mwezi, popeza nyengo ndiyo imalamulira zonse za m'tchire. M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, pamene udzu watalika kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo chithaphwi chilichonse chadzala madzi, nyama sizikhala ndi chifukwa chotsikira kumtsinje. Zimabalalika m'nkhalango monse, kotero kuti munthu akhoza kudutsa pafupi ndi gulu la njati osaziona, ndiponso misewu yodutsa m'dothi la makande imasanduka msampha wa galimoto. Koma mvula ikakata, mitengo ya tsanya n'kuyoyola masamba, zithaphwi n'kuphwa chimodzichimodzi, ludzu limakusa nyama zonse kuzitengera kumene kwatsala madzi, ndipo pamenepo woyenda amaona m'tsiku limodzi zimene m'dzinja akadazifuna sabata yathunthu. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi yofatsa, yoyenera ana ndi okalamba, ngakhale m'mamawa pa galimoto yosatseka pamazizira ndithu. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi ya nyama zochuluka, koma mtengo wake ndi dzuwa, pakuti kuchigwa cha Shire kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Sindikunyoza dzinja ayi: nswala zimaswa ana mvula yoyamba ikagwa, mbalame zochokera kumaiko akutali zimafika, ndipo eni malo ogona ambiri amatsitsa mitengo, komatu wosankha nyengo imeneyo akumbukire kuti walira mvula walira matope.

Kwa munthu amene akupita koyamba, ine ndingamulangize Liwonde, nkhalango ya makilomita 548 m'bwalo lake, imene boma linaipatula mu 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire. Ubwino wa Liwonde ndi mtsinjewo. Munthu atakhala m'boti madzulo, mvuu zikufwenthera kutsogolo kwake, ng'ona zitayasama pamchenga, njovu zikutsika pakati pa migwalangwa kudzamwa, ndi nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo wouma, amaona nyama zili pamtendere, chifukwa siziopa boti monga zimaopera munthu woyenda pansi. Ngati thumba silikulola zinthu zambiri, ulendo wa pabotiwu usasiyidwe. Nkhalangoyi inali itatsala pang'ono kutha ndi misampha yawaya, kufikira mu 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anachotsa misampha zikwizikwi, anatchinga nkhalangoyo ndi mpanda wamagetsi, mikango inabwezedwa mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17 zochokera ku South Africa.

Mbiri ya Majete, m'boma la Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, ndi yodabwitsa koposa, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunalibe ngakhale njovu imodzi yotsala, ndipo pamene bungwe lomwelo linalandira malowa mu 2003 linapeza tchire lotsala ndi nyama zowerengeka chabe. Koma lero njovu, njati, chipembere, mkango ndi kambuku zonse zilimo, pamodzi ndi akadyamsonga amene anabwera mu 2018. Wokhala mu Blantyre akhoza kulawira mbandakucha, kutsika mapiri a Thabwa, kuona nyama pamodzi ndi mathithi a Kapichira, ndi kukagona kwawo tsiku lomwelo, ngakhale kugona usiku umodzi n'kwabwino koposa. Njovu za m'nkhalango ziwirizi zinaswana kotero kuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu.

Nkhotakota ndi nkhalango yowirira, yokomera munthu wokonda bata ndi kuyenda pansi m'mbali mwa mtsinje wa Bua, osati wofuna kuwerenga nyama zambiri msanga. Nyika ndi dziko lina ndithu: mapiri a udzu okwera mamita oposa 2,000, kumene mbidzi, ntchefu ndi achilembwe zimadya poyera, kumene maluwa amakongola m'dzinja pamene nkhalango zakumunsi zavuta, ndi kumene mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera. Msewu wochokera ku Rumphi kudzera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda ndi wautali ndi wovuta, wofuna galimoto yamphamvu ndi mafuta okwanira kupita ndi kubwerera. Ndipo pano ndichenjeze: kuthamanga sikufika. Banja limene lili ndi masiku atatu lisankhe nkhalango imodzi ndi kukhazikikamo, m'malo mothera masikuwo pamsewu pofuna kuponda paliponse.

Za ndalama, munthu awerengere zinthu zinayi izi asananyamuke: mayendedwe, msonkho wa pachipata umene amalipiritsa pa munthu ndi pa galimoto tsiku lililonse, malo ogona, ndi malipiro a boti kapena galimoto ya m'nkhalango pamodzi ndi wotsogolera wake. Malo ogona alipo a mafumu, olipira m'madola, koma aliponso malo omangapo tenti ndi kudziphikira nsima yako, monga aja amene ali pafupi ndi chipata cha Majete, amene phindu lake limathandiza midzi yozungulira. Popeza mutu umodzi susenza denga, mabanja awiri kapena atatu, gulu la kwaya, kapena anzake a pa chipereganyu akhoza kusonkherana ndi kubwereka minibasi imodzi. Aphunzitsi nawonso afunse za makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limalimbikitsa m'sukulu. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, chotero imbani lamya kudakali nthawi, mufunse za mtengo wa nzika, munyamule chiphaso chanu cha unzika, ndipo ngati mukufuna miyezi ya Julayi kufikira Okutobala, sungitsani malo miyezi ingapo isanakwane.

Zovala zikhale za mtundu wa dothi kapena udzu wouma. Zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe, ntchentche yoluma imene imafalitsa matenda a kaodzera, imene imapezeka ku Vwaza, ku Nkhotakota, ku Kasungu ndi m'chigwa cha Luangwa. Chipewa, madzi akumwa ochuluka, juzi ya m'mamawa, magalasi oonera patali ngakhale obwereka, ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu zisatsale. Abale athu obwera kutchuthi kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, amene matupi awo anaiwala malungo, aonane ndi dokotala asananyamuke, makamaka chifukwa cha ana obadwira kunjako. Ndipo aliyense amene watentha thupi atabwerako akayezetse magazi msanga, nanene kumene anali.

Mukalowa pachipata, mwalowa m'mudzi wa eni ake. Nyama zimayenda m'mamawa ndi madzulo, masana zimabisala pamthunzi, motero wogona mpaka dzuwa litakwera wataya theka la ulendo wake. Yendetsani galimoto pang'onopang'ono, muime pamalo a madzi, muzimitse injini, mukhale chete. Pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kawirikawiri kambuku amaonekera kwa iye amene wakhala pamalo amodzi ola lathunthu akumvetsera kubwebweta kwa anyani, amene amachenjezana mdani akayandikira. Musatuluke m'galimoto kupatula pamalo ololedwa. Njovu yokhala ndi mwana muipatse njira, ndipo ikayamba kupukusa mutu ndi kutambasula makutu, bwererani m'mbuyo mosachita phokoso. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu, ndipo tsoka kwa munthu woima pakati pa iyo ndi madzi ake. Anyani musawapatse chakudya, chifukwa nyani wozolowera dzanja la munthu amasanduka wakuba, ndipo mapeto ake agemu amamupha. Wotsogolera ulendo mumulemekeze ndi kumufunsa mafunso, pakuti ambiri a iwo ndi ana a midzi ya m'mphepete mwa mpanda, kumene makolo awo anapirira njovu zikudya chimanga chawo. Ndipo uchi, ndiwo kapena zosemasema zimene mugula m'midzi imeneyo ndi gawo la phindu limene limachititsa anthuwo kuona nkhalango ngati yawo.

Amene walawa zakwathu nafuna zina, tsidya la malire kuli South Luangwa m'dziko la Zambia, nkhalango ya makilomita pafupifupi 9,050 m'bwalo lake, yotchuka ndi akambuku. Njira yake ndi yodzera ku Mchinji, kudutsa chipata cha Mwami, kufika ku Chipata, ndi kutsikira ku Mfuwe, ndipo m'njira monsemo Chinyanja chimamveka. Mmalawi safunikira viza, koma pasipoti, mapepala a galimoto ndi inshuwalansi yogwira ntchito kunja ziyenera kukhala m'manja, ndiponso msonkho wa pachipata kumeneko ndi wokwererapo, popeza tsidya lija ndife alendo. M'chigwa cha Luangwachi ndimo Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti ipatule dera lina la nyama n'kumalandira ndalama za alendo, anayambitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, wotsogolera ndi msilikali wamfuti ali patsogolo. Maulendo otere amachitika m'chilimwe, pakuti misasa yambiri ya mkati mwa tchire imatsekedwa mvula ikayamba, ndipo ana aang'ono saloledwa. Choncho kholo lifunsiretu za msinkhu wovomerezeka lisanalipire.