Cifukwa Cake Nsapato ndi Zobvala Zathu Zithina Msanga

Pakati pa ife ana a sukulu palibe amene sanamvepo mau akuti, "Iwe, nsapato zija tinagula dzana lomweli, zathina kale?" Makolo athu amanena mau otere ndi mtima wowawa, pakuti ndalama siibwera cabe. Ena mwa ife timangopirira matuza osanena kanthu, poopa kubvuta makolo. Motero ine ndaganiza kuti ndifotokozereko anzanga m'magazini yathu ino m'mene thupi la mwana likulira, cifukwa wodziwa zimenezi angathe kugula mwanzeru.

Poyamba tidziwe kuti munthu sakula mofanana zaka zonse. Khanda limabadwa ndi utali wa masentimita 50 kapena kucepera pang'ono, ndipo m'caka coyamba limaonjeza pafupifupi masentimita 25. Pofika zaka 4 mwana uja ali pafupi ndi mita imodzi. Kuyambira pamenepo amakula pang'onopang'ono, masentimita 5 kapena 6 pa caka, kufikira nthawi ya kutha msinkhu. Apo mpamene thupi lithamanganso ngati cimanga cimene calandira mvula yabwino. Asungwana ambiri amakula kopambana pa zaka 11 kapena 12, naonjeza masentimita 8 pa caka. Anyamata amacedwa ndi zaka ziwiri, koma ikafika nthawi yao amaonjeza 9 kapena 10. Ndico cifukwa cake m'makalasi omaliza a pulaimale asungwana ambiri amaposa anyamata utali, koma pofika Fomu 3 kapena 4 zinthu zatembenuka.

Kodi kutalikako kumacitika pati? Pafupi ndi nsonga ziwiri za mafupa atali, monga a m'miyendo ndi m'mikono, pali kamalo ka cicerewecerewe, conga cija timatafuna podya nkhuku. Cicerewecereweco cimaonjezeka, kenaka cimauma nkukhala pfupa, ndipo potero pfupalo latalika. Cimene cilamula nchito imeneyi ndi mahomoni, makamaka ocokera ku kaciwalo kochedwa pituitary, kamene kali pansi pa ubongo, ndipo kukula kwake nkonga mbeu ya nandolo. Mahomoni okulitsa thupi amatuluka ambiri munthu ali m'tulo tatikulu. Iwo amene amacezera usiku wonse ndi mabuku, kapena ndi nkhani zacabe, akumbukire mau amenewa.

Tsono cinthu cacikulu cimene ndifuna kuti ticigwire ndi ici: ziwalo sizikula nthawi imodzi, koma zimatsogozana. Dokotala wina wa ku England, dzina lake James Tanner, anayamba mu 1948 kuyesa ana a ku Harpenden caka ndi caka, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lochedwa Growth at Adolescence. Iye anaonetsa kuti pa kutha msinkhu mapazi ndi manja ndiwo amatsogola, miyendo ndi mikono itsatira, ndipo msana ndi cifuwa zibwera pambuyo. Kwa anyamata mapewa ndiwo amatakata kwambiri, ndipo kwa asungwana ndi ciuno. Cifukwa ca ici nsapato ndiyo imayamba kuthina, kenaka buluku lifupika akakolo naonekera, ndipo potsiriza malaya akana kumanga mabatani. Mnyamata wa mu Fomu 1 amene ali ndi mapazi ngati a atate ake asacite manyazi, pakuti thupi lake likudza m'mbuyo kudzawapeza.

Tiyeni tione za nambala za nsapato. Nambala zimene tinazolowera kuno kwathu nza ku Britain. Inchi imodzi aigawa patatu, ndipo gawo limodzi, ndiye mamilimita 8 ndi theka, ndilo nambala imodzi. Za ana zimakwera kufika 13, ndipo pamenepo za akulu ziyambanso pa 1. Motero nambala 1 ya akulu njaikulu kuposa 13 ya ana. Maiko ena a ku Ulaya, monga France ndi Italy, ali ndi mawerengedwe ao, m'mene nambala zitatu zipanga masentimita 2. Nsapato ya nambala 5 ya ku Britain ifanana ndi 38 yao, ndipo 8 ifanana ndi 42. A ku America nawonso ali ndi nambala zaozao. Pa kaunjika nsapato za maiko onsewa zimakhala mulu umodzi, ndipo wokhulupirira nambala yokha amabwera kunyumba ndi cinthu cosalowa.

Phazi la mwana wa sukulu ya pulaimale limakula pafupifupi nambala imodzi pa caka, ndipo la mwana wosafika zaka 3 lingasinthe nsapato miyezi itatu kapena inai iriyonse. Phazi liri ndi mafupa 26, ndipo mwa mwana ambiri a iwo akali ofewa. Nsapato yothina imapinda zala, imalowetsa zikhadabo m'mnofu, ndi kuyambitsa matuza. Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Phazi nalonso liyenera kusamalidwa likali lanthete. Komanso nsapato yokhwepa kwambiri, yogulidwa ndi mau akuti "adzakuliramo", imapunthwitsa mwana ndi kumsupula cidendene, ndipo kawirikawiri imatha asanakuliremo.

Njira yabwino yoyesera ndi iyi. Imani ciriri pa pepala, wina alembe mzere kuzungulira mapazi onse awiri, pakuti mwa anthu ambiri phazi limodzi limaposa linzake. Citani izi madzulo, cifukwa phazi limatupa pang'ono munthu akayenda tsiku lonse. Ngati atate apita okha ku tauni, dulani kabango kolingana ndi phazi lalikululo, nimuonjezepo mpata wonga kupingasa kwa cala cacikulu ca kumanja, ndiye sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Kabangoko kakalowa m'nsapato kucokera ku cidendene kufika kunsonga mosapindika, nsapatoyo njanu.

Pa zobvala napo pali msampha. Zobvala zambiri zocokera kunja zimalembedwa zaka, monga 9-10 kapena 11-12, koma ana a zaka zofanana salingana msinkhu. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, makamaka cifukwa ca kusowa zakudya zokwanira ndi kudwaladwala. Nsima yokha siimanga mafupa. Pafunika usipa, nyemba, nsinjiro, mazira, mkaka ndi masamba. Motero pogula tisayang'ane zaka zolembedwazo, koma tiyese mwanayo ndi tepi kapena cingwe, m'cifuwa, m'ciuno ndi m'litali. Posoketsa yunifolomu tipemphe atelala kuti apinde nsaru yambiri m'munsi mwa siketi kapena buluku, ndi kusiya yina m'misoko ya m'mbali. Miyendo ikatalika tingomasula kopindako, ndipo cifuwa cikakula timasula misoko. Potero cobvala cimodzi cikhala zaka ziwiri.

Mabvuto amenewa ali ndi malekezero ake. Phazi la msungwana limaleka kukula pa zaka ngati 14, la mnyamata pa zaka ngati 16. Patapita nthawi pang'ono cicerewecerewe cija cimauma conse, ndipo munthu satalikanso. Ici citiphunzitsa kuti nsapato ya mtengo wapatali ndi jekete labwino ziyenera kudikira kufikira kukula kutaima; pakali pano zochipa koma zokwana bwino zitikwanira. Anzanga amene mukali afupi musataye mtima, pakuti ena amayamba mocedwa napitirira anzao. Ndipo tikapita kwathu pa chuthi, tiwafotokozere makolo zimenezi mwaulemu, ndi kuwathandiza kuyesa mapazi a ang'ono athu asanapite kumsika.