Gitala la Paul Ngozi Lamvekanso Kumalire

MOATIZE — Pa msewu wochokera ku Moatize kupita ku Zóbuè, komwe dziko lino lachita malire ndi Malawi, nyimbo za m'chapa amasankha ndi dalaivala. Koma achinyamata ena tsopano akumvera zawo pa foni, ndipo mwa izo muli imodzi yomwe agogo awo angaizindikire msanga.

Nyimboyo ndi "Noid", yomwe woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa mu 2024. Mkati mwake mukumveka mawu a Chinyanja. Mawuwo anatengedwa m'nyimbo ya gulu la Ngozi Family la ku Zambia, ya m'chimbale cha "45,000 Volts" cha mu 1977, chaka chomwe nkhondo yapachiweniweni inkayamba kuno kwathu.

Mtsogoleri wa gululi anali Paul Ngozi wa ku Lusaka, yemwe anamwalira mu 1989. Maimbidwe ake amatchedwa Zamrock. Anyamata a nthawi imeneyo ankamvera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones, n'kusakaniza zimenezo ndi kaimbidwe ka kwawo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi izidzaza ndi nyimbo za m'dzikomo, magulu otere anachuluka.

Womvera koyamba angaganize kuti sipika yang'ambika. Ayi ndithu, n'zadala. Gitala ankalilumikiza ku kachipangizo kopondera ndi phazi komwe kamasasitsa mawu ake, n'kumalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Ng'oma zimagunda molemera, mosathamanga. Si nyimbo yotsegula uku mukukambirana mtengo wa chimanga. Imafuna munthu akhale pansi, aimve mpaka ithe. Ndipo zimbale zoyambirirazo, zojambulidwa ndi zipangizo zochepa, ndi zomwe zili ndi moto kuposa zam'mbuyo mwake.

Nyimbozi zinatsala pang'ono kutheratu. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zinasowa ku Zambia, kenaka Edzi inatenga oimba ambiri. Emmanuel "Jagari" Chanda wa gulu la WITCH, lomwe linatulutsa "Lazy Bones!!" mu 1975, anakathera kokumba miyala yamtengo wapatali. Kampani ya ku America ya Now-Again ndiyo inatulutsanso nyimbo za gululi mu 2012, ndipo mu 2023 Jagari ndi anzake anatulutsa chimbale chatsopano, "Zango".

Mabanja ambiri a m'malire muno anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, n'kubwerera nkhondo itatha mu 1992. Amene anabwera ndi chimbale kapena kaseti ya nthawi imeneyo asaisiye padzuwa, kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa.