Ndowa yomaliza ya mumgolo wa mowa

Aliyense wofulula mowa ku Chiwamba amadziwa kuti madzi amene wathira mumgolo si amene adzatuluke pa tsiku lokuntha. Wathira ndowa zisanu za malita 20, koma pogulitsa upeza zinayi, mwina osakwana. Ena amati mgolo ukudontha, ena amaloza mnansi wa kaduka. Madziwo sanabedwe ndi munthu.

Wakuba woyamba ndi nthunzi. Phala likamawira maola angapo mumgolo wakukamwa kwakukulu, nkhuni zili lawilawi, ndowa yathunthu imatha kukwera kumwamba mwini wake akutakasa. Mzere wouma wa phala umene umatsala m'mbali mwa mgolo ndiwo umboni wake.

Wachiwiri ndi wochenjera kwambiri. Ufa ndi chimera zimamwa madzi. Tinthu ta sitachi tikatenthedwa timatupa, timaphulika, n'kugwira madzi ngati thonje, n'chifukwa chake phala limalimba. Chimera chikalowa chimaphwanya sitachiyo kukhala shuga, phala n'kusungunuka, madzi ena n'kumasuka. Koma gaga ndi makoko a mawere sizibweza zonse. Finyani masese otsala m'chikuntho mpaka mikono iwawe, adzakhalabe onyowa. Ofulula mowa wa balere ku Ulaya amawerengera kuti kilogalamu imodzi ya mbewu imapita ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi. Pa chiwerengero chimenecho, makilogalamu 20 atenga ndowa ina. Wofuna kutsala ndi ndowa zisanu ayambe ndi zisanu ndi ziwiri, zonse ziwire pamoto.

Amene sanawerengere amathamangira kuchitsime mmawa wa tsiku logulitsa, n'kusungunula mowa kapena thobwa ndi madzi osawiritsa. Apa ndi pamene nkhani ya samu imasanduka ya kuchipatala, pakuti madzi otere amatha kubweretsa kolera. Kolera amene anabuka m'dziko muno mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene anaika maliro ambiri.

Komabe pabwalo la mowa mudzamva wina akunena motsimikiza kuti mowa umapha tizilombo tonse, woledzera sadwala kolera. Bodza lotopetsa! Mankhwala opaka m'manja aja a nthawi ya Covid-19 ankakhala ndi mphamvu ya mowa yoposa 60 peresenti. Mowa wa masese sufika ngakhale 10. Kuwawasa kwake kumafooketsadi tizilombo ta kolera, koma ndowa ya madzi a pachitsime imachepetsa kuwawasa komweko. Nanga thobwa lotsekemera, losasasa n'komwe, limene ana amamwa pa chinkhoswe ndi pamaliro, lidzapha chiyani? Chipanda chimodzi chovuulira chimayenda manja makumi angati?

Ngati kuwonjezera sikungapeweke, madziwo awire kaye ndi kuzizira ali ovundikira, kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa m'midzi.