Katemera wa galu ndiye citetezo ca mwana ku ciwewe

M'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero ndi Chawama, ngakhalenso m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, galu ndiye mlonda wa pakhomo, ndipo mphaka ndiye amapirikitsa makoswe. Koma ziweto zimenezi zikapanda kulandira katemera zingathe kubweretsa pakhomo matenda a ciwewe, amene alibe mankhwala ociza munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, makamaka mu Africa ndi mu Asia. Mwa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa agalu, ndipo anthu anai mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amakonda kusewera ndi agalu, ndipo kawirikawiri amabisa akalumidwa poopa kukalipiridwa.

Kacirombo ka ciwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi la munthu pamene galu kapena mphaka wamuluma, wamukanda, kapena wanyambita cironda, kenaka kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Zizindikiro zimayamba kuoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti nthawi zina sabata imodzi yokha imakwana, makamaka ngati bala liri pafupi ndi mutu.

Galu waciwewe amasintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulusa, kuluma ciriconse ndi kuyendayenda mosadziwa kolowera. Wina amangofooka, n'kumacita dovu, osatha kumeza. Galu wotere sayenera kugwiridwa ndi manja, ndipo akuluakulu oona za ziweto ayenera kudziwitsidwa msanga.

Muno mu Zambia lamulo la Control of Dogs Act, mutu 247, limafuna kuti mwini galu alembetse galu wake ndi kumubayitsa katemera wa ciwewe. Nchito yobaya imayendetsedwa ndi nthambi yoona za umoyo wa ziweto mu unduna wa za nsomba ndi ziweto, komanso madokotala a ziweto oima paokha. Kagalu kapena kamphaka kayenera kulandira katemera woyamba kakakwana miyezi itatu, ndi kumabwerezedwa pa nthawi imene dokotala wanena. Cikalata ca katemera ciyenera kusungidwa bwino, pakuti ndico cimafunsidwa galu akaluma munthu.

Akatswiri apeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amaleka kufalikira. Motero munthu amene wabayitsa galu wake wateteza ana ake ndi ana a anansi ake omwe.

Cisamaliro cina ca tsiku ndi tsiku cimathandizanso. Galu wopatsidwa cakudya cokwanira ndi madzi abwino sapita kukafunafuna zakudya kudzala, kumene amamenyana ndi agalu osowa mwini. Galu wofulidwa sayendayenda, ndipo wamkazi wotsekedwa kubereka sadzaza pakhomo ndi tiagalu tosowa wotisamalira. Ana aphunzitsidwe kusaputa galu amene akudya, wagona, kapena ali ndi ana.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, coyamba ndico kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15. Atatero apite ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, ndipo amalize jekeseni zonse zimene adzauzidwa. Kupaka zitsamba, tsabola kapena ubweya wa galuyo pabala sikupha kacirombo. Galu amene waluma asungidwe pamalo otsekeka ndi kuyang'aniridwa kwa masiku khumi motsatira malangizo a dokotala wa ziweto, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo asanapite ku cipatala.

Kuyambira m'caka ca 2007, pa 28 September pamakhala tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa dziko lonse. Ndilo tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomubaya katemera woyamba wa matendawa. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa agalu. Colinga cimeneci cidalira eni agalu, aliyense pakhomo pake.