Mawu aatali a Chingerezi: amasuleni ngati njinga

Chaka china ndikuchonga mayeso oyeserera a Fomu 4, ndinafika pa pepala la mtsikana wina yemwe Fizikisi ankaidziwa kuposa anzake onse m'kalasimo. Funso linali la mwala wogwa kuchokera padenga, ndipo kumapeto kwake kunali chiganizo chakuti "assume air resistance is negligible". Mtsikanayu ataona "negligible" anaganiza kuti ndi m'bale wake wa "negative". Basi anayamba kuika chizindikiro chochotsera pomwe sichimafunika, malikisi onse a funsolo n'kupita. Fomula ankaidziwa, masamu ankawatha. Chinamugwetsa ndi liwu limodzi lokha, lomwe limatanthauza kuti chinthucho n'chochepetsetsa moti mutha kungochisiya osachiwerengera.

Tsiku limenelo ndinavomereza kuti ine mphunzitsi wa Fizikisi ndine mphunzitsi wa Chingerezinso, ndifune ndisafune. Pa mayeso a MSCE mafunso a sayansi amabwera m'Chingerezi, ndipo inu mumayankha m'Chingerezi. Mukapita kukoleji, mabuku ake ndi a chinenero chomwecho, koma mawu ake ndi okhwima kuposa a pano. Ndiye lero tisiye kaye ma circuit, tikambe za mmene mungachulukitsire mawu a Chingerezi m'mutu mwanu popanda kuloweza dikishonale yonse.

Luso limeneli muli nalo kale

Taonani mawu awa: kuphunzira, kuphunzitsa, mphunzitsi, wophunzira, phunziro, maphunziro. Palibe anakukhazikani pansi kuti muloweze lililonse palokha. Khutu lanu limamva tsinde limodzi m'mawu onsewo, n'kuzindikira kuti zinazo ndi tizidutswa tongolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Munthu atati "kuphunzitsana", ngakhale mutakhala kuti simunalimvepo, mudziwa kuti anthu awiri akuthandizana.

Mawu ambiri aatali a Chingerezi, makamaka a sayansi, anapangidwa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti tizidutswa take tinachokera ku Chigiriki ndi Chilatini. Wokonza njinga saopa njinga yachilendo, chifukwa akaimasula amapeza tcheni, masipoko ndi mabuleki zomwe amazidziwa kale. Nanunso liwu likakuopsani, limasuleni.

Tiyambe ndi "thermometer". Kachidutswa koti "therm" ndi kutentha, "meter" ndi kuyeza. Ndiye ndi choyezera kutentha. Mukangogwira "therm" ameneyu, mwatsegula "thermal", "thermostat", "thermocouple", komanso "exothermic" ndi "endothermic" a ku Chemistry, pakuti "exo" ndi kunja pomwe "endo" ndi mkati. Kwina kutentha kukutuluka, kwina kukulowa. Mwaona? Kachidutswa kamodzi kakupatsani mawu asanu.

Nazi zina zoti mulembe m'kope lero lomwe:

"Photo" ndi kuwala. "Synthesis" ndi kuika zinthu pamodzi. "Photosynthesis" ndiye kupanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala.

"Tele" ndi kutali, "micro" ndi chaching'ono, "scope" ndi kuyang'ana. Apa "telescope" ndi "microscope" zadzimasula zokha.

"Trans" ndi kuwoloka kapena kudutsa. Kuwala kumadutsa m'chinthu cha "transparent", wailesi imachita "transmit" uthenga, basi imachita "transport" anthu.

"Fract" ndi kuthyola. Fupa likathyoka adokotala amati "fracture". Nambala yogawidwa m'zidutswa ndi "fraction". Ikani pensulo m'tambula ya madzi, ioneka ngati yathyoka, ndipo dzina la zimenezo ndi "refraction".

"Duct" ndi kutsogolera. "Conductor" amatsogolera magetsi kuti adutse. Mnzake "insulator" anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chilumba. Ganizani za Likoma, madzi mbali zonse, simungafikeko wapansi. Umo ndi mmene pulasitiki yokuta waya imawatsekerezera magetsi.

"Iso" ndi zofanana. "Isosceles" ndi triangle ya miyendo iwiri yofanana. "Isotope" ndi "malo amodzi", chifukwa ma isotope a element imodzi amakhala pa malo amodzi pa periodic table. Dzinali analifalitsa ndi Frederick Soddy mu 1913.

Mawuwa anachita kupangidwa ndi anthu

Musamaone ngati mawu a sayansi anagwa kumwamba. Mu 1834, Michael Faraday ankafufuza zomwe zimachitika magetsi akamadutsa m'madzi osungunuliramo mchere ndi zina zotero, koma analibe mayina a zomwe ankaonazo. Anapempha nzeru kwa William Whewell wa ku Cambridge, yemwe ankadziwa bwino Chigiriki. Pamenepo ndi pomwe panabadwira "anode", kutanthauza njira yokwera, "cathode", njira yotsika, ndi "ion", chinthu choyenda. Whewell yemweyo ndi amene anapanganso liwu loti "scientist".

Nalo liwu loti "electricity" lili ndi mbiri yake. Agiriki akale anali ndi utomoni wa mitengo wouma gwa ngati mwala, womwe ankautcha "elektron". Ukaukhutiza pansalu umakoka tinthu topepuka, monga momwe cholembera chanu chimanyamulira tizidutswa ta pepala mukachikhutiza kutsitsi. William Gilbert, dokotala wa ku England, anatenga dzina la utomoniwo mu 1600 pofotokoza mphamvu yokokayo. Liwu lokhala ndi nkhani yotere silichoka msanga m'mutu.

Koma ndikuchenjezeni. Tizidutswati timakulozerani njira, sitikufikitsani pakhomo nthawi zonse. "Atom" amatanthauza chosadulika, chonsecho J.J. Thomson anapeza electron mu 1897, ndipo lero tikudziwa kuti atomu ili ndi tizigawo mkati mwake. Dzina linatsalira, sayansi inapitirira. Choncho mukamasula liwu n'kuganizira tanthauzo lake, katsimikizeni mu dikishonale. Mtsikana uja akanatero, akanapeza kuti m'bale weniweni wa "negligible" ndi "neglect", kunyalanyaza.

Mawu aafupi ndiwo amaluma

Chodabwitsa n'chakuti mawu aatali sagwetsa ana ambiri. Amawaopa, ndiye amawawerenga. Ogwetsa anthu ndi mawu aafupi omwe mumati mukuwadziwa kuyambira kupulayimale.

Tengani "work". Mayi asenze ndowa yodzaza madzi, aime nayo pamjigo mphindi khumi akucheza. Khosi liwawa, thukuta lituluka. Koma mu Fizikisi, "work" yomwe agwira pa ndowayo ndi ziro, chifukwa ndowa sinasunthe. "Work" ndi force kuchulukitsa ndi mtunda womwe chinthu chayenda molunjika komwe force ikukankhira. Mukanyamula thumba la chimanga la makilogalamu 50 kuchoka pansi n'kulikweza pangolo yotalika mita 1.5, mwagwira ntchito ya ma joule pafupifupi 750.

Thumba lomwelo litiphunzitsenso "mass" ndi "weight". Kumsika timangoti likulemera makilogalamu 50. Mu Fizikisi makilogalamu 50 amenewo ndi "mass", kuchuluka kwa zinthu zomwe zili m'thumbamo. "Weight" ndi mphamvu yomwe dziko likukokera thumbalo pansi, pafupifupi ma newton 500. Mutapita nalo kumwezi, "mass" ikhalabe 50, koma "weight" itsika kufika pafupifupi ma newton 80.

Nanga "uniform"? Nonse mwavala yunifolomu. "Uni" ndi chimodzi, "form" ndi maonekedwe: sukulu yonse kuoneka mofanana. Ndiye "uniform velocity" ndi liwiro losasintha, kulowera mbali imodzimodzi. "Power", "moment", "charge", "current", "cell" ndi "medium" nawonso ali ndi nkhope ziwiri, ina ya kunyumba, ina ya mu labu. Liwu lotere mukakumana nalo, lembani matanthauzo onse awiri moyandikana.

Palinso mawu olamula omwe amayamba funso. "State" akufuna yankho lalifupi, lopanda zifukwa. "Define" akufuna tanthauzo lenileni. "Describe" akufuna munene zomwe zikuchitika mwatsatanetsatane. "Explain" akufuna chifukwa chake, ndipo yankho lanu likasowa "because" kapena mnzake wina wotero, dzikayikireni. Ndaonapo ana akulemba tsamba lathunthu pa funso la "state", nthawi n'kuwathera, kenako n'kulemba mzere umodzi pa funso la "explain".

Kwa inu amene mukulota za kuyunivesite, pali mndandanda wotchedwa Academic Word List, womwe Averil Coxhead wa ku New Zealand anatulutsa m'chaka cha 2000. Uli ndi mabanja a mawu 570 omwe amapezeka kawirikawiri m'mabuku a maphunziro apamwamba, kaya ndi a sayansi, a malamulo kapena a zachuma. Muli mawu monga "analyse", "assume", "estimate", "significant" ndi "vary". Umapezeka pa intaneti. Mukapeza mwayi wa foni ndi bandulo, ukopereni m'kope pang'onopang'ono.

Kuti mawu asathawe

Kupeza liwu latsopano n'kosavuta. Ntchito ili pa kulisunga. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zomwe anapeza atadziyesa yekha: ankaloweza timawu topanda tanthauzo, n'kumayeza kuchuluka kwa zomwe akukumbukira pakapita nthawi. Anaona kuti munthu amaiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Anaonanso kuti kubwereza motalikitsa masiku kumathandiza kuposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. N'chifukwa chake zoloweza usiku wa mayeso zimauluka mayeso akangotha.

Njira yomwe ndimapatsa ana anga ndi iyi. Pezani kope limodzi la mawu okhaokha. Tsamba lililonse ligaweni panayi: liwu, tizidutswa take, tanthauzo m'mawu anuanu, ndi chiganizo chomwe mwapeka nokha. Tanthauzolo mutha kulilemba m'Chichewa, palibe mlandu. Ngati simungathe kufotokozera mng'ono wanu "refraction" m'Chichewa, ndiye kuti simunaimvetse, mwangoiloweza.

Tsiku lililonse la sukulu lembani mawu asanu okha, ochokera m'zomwe mukuwerenga: buku la Biology, nyuzipepala, mapepala a mayeso akale. Muwaonenso mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, pakatha sabata, ndi pakatha mwezi. Powaonapo musamangowerenga ayi. Phimbani tanthauzo ndi dzanja, yesani kukumbukira, kenako suzumirani. Kuvutikira kukumbukira kuja ndiye komwe kumakhomerera liwu m'mutu. Mawu asanu patsiku, masiku asanu pasabata, kwa masabata 12, ndi mawu 300. Ndipo poti liwu lililonse limabwera ndi abale ake, monga "vary", "variable" ndi "variation", phindu lenileni limaposa pamenepo.

Chomaliza, agwiritseni ntchito. Liwu lomwe simunalilankhulepo kapena kulilemba lili ngati khasu logula n'kulisiya m'nkhokwe. Pokambirana m'gulu lanu, yesani kunena kuti "the difference is negligible". Anzanu mwina aseka kuti mwayamba kudzimva. Asiyeni aseke, mutu umodzi susenza denga, mawa adzakufunsani okha tanthauzo lake.

Mtsikana uja anayamba kope lake sabata yomweyo, ndipo liwu loyamba pa tsamba loyamba mukulidziwa kale. Inunso nayi ntchito ya lero: masulani "geothermal", "photoelectric" ndi "isothermal" musanatsegule dikishonale. Ndikuthandizeni kamodzi kokha: "geo" ndi dziko lapansi, monga mu Geography. Zotsalazo zida zake muli nazo kale.