KAMBALE KA MPUNGA KA KU SEOUL NDI MBIRI YAKE

Nthawi ya masana ikakwana m'mzinda wa Seoul, likulu la South Korea, akalaliki ndi aziphunzitsi amatuluka m'nchito zao nalowa m'tinyumba todyeramo tam'makwalala, momwe kawirikawiri mayi mmodzi wachikulire ndiye wophika ndiponso wolandira ndalama. Chakudya cha masiku onse cha m'menemo achitcha baekban. Mlendo akangokhala pansi amuikira msuzi wotentha ndi timbale tandiwo tambirimbiri totchedwa banchan: mphukira za nyemba, tinsomba touma tonga usipa, ndi kimchi, ndiye kabichi wosasitsa ndi mchere, adyo ndi tsabola. Kambale kakatha angopempha kena, ndipo salipira kanthu koonjezera.

Koma mpunga ndiwo uli ndi lamulo lina. Umabwera m'kambale kachitsulo kovundikira, kofanana kukula kwake pafupifupi m'nyumba zonse, ndipo wofuna kachiwiri amalipira. Kwa zaka zambiri mtengo wake unali 1,000 won, ngakhale masiku ano ena akweza. Achinyamata ambiri sadziwa kuti kambale kameneka kanayesedwa ndi Boma.

Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inasiya dzikolo pa umphawi woopsya, ndipo mpunga sunali kukwanira. Boma la Pulezidenti Park Chung-hee linaona kuti ndalama zogulira mpunga kunja zikadathandiza pomanga mafakitale, kotero linalowa m'khichini mwenimweni. M'chaka cha 1969 linalamula kuti Lachitatu ndi Loweruka, kuyambira 11 koloko m'mawa kufikira 5 koloko madzulo, nyumba zodyeramo zisagulitse mpunga; anthu adye za ufa wa tirigu. Masiku enawo mpunga unayenera kusakanizidwa ndi balere kapena mbeu zina. Ngakhale aziphunzitsi anapatsidwa nchito imene ambiri a iwo sakadaisankha okha: kuvundukula mbale za ana a sukulu kuti aone ngati mayi sanaphike mpunga woyera wokhawokha.

M'chaka cha 1976 akuluakulu a mzinda wa Seoul analamula kuti mbale ya mpunga ikhale ya masentimita 10.5 pakamwa pake ndi 6 kuya kwake, ndipo wonyozera lamulolo anali kumtsekera nyumba yake. Dzanja limeneli linali lolemera ndithu, ndipo anthu anadandaula. Komabe nchito ina inali kuchitika kumunda. Mbeu yatsopano yotchedwa Tongil, yobereka kwambiri ngakhale kuti anthu sanaikonde kakomedwe kake, inafalitsidwa kwa alimi, ndipo pofika 1977 dzikolo linakolola mpunga wokwanira. Masiku oletsa mpunga aja anathetsedwa chaka chomwecho. Kambale kokha ndiko kanatsala.

Lero nkhawa yatembenuka. Mu 1970 munthu mmodzi anali kudya makilogalamu 136.4 a mpunga pachaka. Mu 2023 anadya 56.4 okha, ndipo alimi ndiwo akudandaula tsopano kuti mpunga wachuluka. Mwini kanyumba uja vuto lake liri pa ndiwo zaulere. Dzinja likaononga kabichi, monga mu 2010 pamene mutu umodzi unapitirira 10,000 won, kimchi amudya phindu lake lonse. Koma kulipiritsa ndiwo sangayese, pakuti akalaliki aja mawa lake adzalowa khomo la mnzake.